Kasungidwe ka Lenti: Kusala, Kupemphera ndi Kugawana M'miyezi ya Njala

Kuno kwathu Lenti, nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka, imafika nkhokwe zitapepuka. Mu Febuluwale ndi Malichi chimanga chimakhala chikadali m'munda, pamsika mtengo uli m'mwamba, ndipo mabanja ambiri akudya kamodzi patsiku chifukwa ufa watha. Choncho amene akufuna kusunga bwino nyengoyi ayambe wadzifunsa kuti ali mbali iti. Ngati kwanu mphika umakhala pamoto katatu patsiku, kusala kwanu kukhale kwenikweni, ndipo chimene mwadzimanacho chikafike m'mbale ya munthu wina. Ngati mukugonera maungu ndi nkhwani, Mpingo sukukupemphani kuti muchepetsenso chakudya. Gawo lanu lalikulu lili pa pemphero ndi pa kukonza mtima. Malangizowa atsata mwambo wa Mpingo wa Katolika, koma a Anglican, a Lutheran ndi ena amene amasunga Lenti apezamo zowathandiza.

Masiku ake

Lenti imayamba Lachitatu Laphulusa, tsiku limene akhristu amapakidwa phulusa pamphumi. Kuchokera tsikulo mpaka Loweruka Loyera pali masiku 46, ndipo mukachotsapo masiku 6 a Lamulungu, amene sasalidwa chifukwa ndi masiku okumbukira kuuka kwa Ambuye, patsala 40. Tsiku loyambira limasuntha chaka ndi chaka potsata Pasaka, ndipo Pasaka amatsata mwezi wakumwamba: ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. N'chifukwa chake Pasaka amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mu 2026 phulusa ndi la pa 18 Febuluwale, Pasaka pa 5 Epulo. Mu 2027 phulusa ndi la pa 10 Febuluwale, Pasaka pa 28 Malichi.

Musadikire kuti phulusa likhale pamphumi kuti muyambe kuganiza zochita. Lamulungu lakumbuyo kwake khalani pansi ndi kapepala, mulembe zinthu zitatu: chimene mudzasiye, pemphero limene mudzawonjezere, ndi dzina la munthu kapena banja limene mudzathandize. Zitatuzi n'zimene Uthenga wa tsiku la phulusa, Mateyo 6, umatchula. Zili ngati mafuwa: limodzi likachoka mphika umapendekeka.

Phulusa lenilenilo limachokera ku kanjedza wodalitsidwa chaka chatha. Ngati muli naye wouma kuseri kwa mtanda kapena pakhoma, mufunse katekisiti ngati akusonkhanitsa. Aliyense angalandire phulusa, ngakhale mwana, mkatekumeni (wokonzekera ubatizo) kapena amene sakulandira Ukaristia, chifukwa si sakramenti. Palibenso lamulo lakuti likhale pamphumi tsiku lonse. Likachoka ndi thukuta kapena mvula, palibe chalakwika.

Chimene lamulo likunena

Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri, kusala kudya ndi kusala nyama.

Kusala kudya n'kolamulidwa masiku awiri okha, Lachitatu Laphulusa ndi Lachisanu Loyera. Kumakhudza amene akwanitsa zaka 18 mpaka atakwanitsa 59. Tanthauzo lake, monga Papa Paulo VI anafotokozera mu 1966, ndi kudya mokhuta kamodzi kokha patsiku, koma n'kololedwa kulawako pang'ono m'mawa ndi madzulo. Muyeso umene aphunzitsi ambiri amapereka ndi wakuti tizakudya tiwiri tating'onoto tikaphatikizidwa tisafike pa chakudya chimodzi chokhuta. Pakati pake osatolatola. Madzi ndi mankhwala sizimaswa kusala.

Kusala nyama kumayamba pa zaka 14 ndipo kulibe msinkhu wolekera. Ndi kwa Lachitatu Laphulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti, amene alipo 7 kuphatikizapo Lachisanu Loyera. Nyama imene ikunenedwa ndi ya ziweto, ya m'tchire ndi ya mbalame: ng'ombe, mbuzi, nkhumba, kalulu, nkhuku, bakha, nkhunda, pamodzi ndi zam'kati, mang'ina ndi soseji. Nsomba, mazira, mkaka ndi ngumbi n'zololedwa. Lachisanu likagwera pa chikondwerero chachikulu, lamuloli limayamba lapuma. Zidzatero pa 19 Malichi 2027, tsiku la Yosefe Woyera.

Apa pali msampha. Lamulo limalola nsomba, koma cholinga chake ndi kudzimana. Kwathu chambo chachikulu nthawi zambiri chimadula kuposa nkhuku. Munthu amene wasiya nyama ya mbuzi n'kukagula chambo chowotcha wasunga chilembo cha lamulo, koma palibe chimene wadzimana. Ndiwo za Lachisanu zikhale zotsika mtengo kuposa za masiku onse: nyemba, khobwe, usipa, matemba, bonongwe, chisoso, therere, nkhwani wotendera. Nanga banja limene nyama limaiona pa Khirisimasi pokha? Kwa iwo lamulo la nyama silikusintha kanthu, ndipo angasankhe china chogwirika, monga kumwa tiyi wopanda shuga tsikulo, kapena kukalimira nkhalamba mizere ingapo.

Kuyendetsa tsiku losala

Madzulo a dzulo lake idyani monga mwa masiku onse. Kudzaza mimba kuti musunge za mawa sikuthandiza. Mumangodzuka ndi ludzu komanso njala yowirikiza. Ngati munazolowera tiyi wamphamvu kapena khofi, yambani kuchepetsa masiku atatu kapena anayi m'mbuyo, apo ayi mutu udzawawa kuyambira chakumasana, ndipo mudzaganiza kuti ndi njala pamene ndi thupi likufuna chimene linazolowera.

Sankhani nthawi ya chakudya chokhuta potengera ntchito yanu. Wogwira ntchito ya manja, wakumunda, wakabaza, womanga nyumba, adye nsima yake masana. M'mawa amwe kapu imodzi ya phala, madzulo mbatata imodzi kapena mtedza wodzaza dzanja. Wamuofesi angathe kusunga nsimayo mpaka madzulo kuti adyere limodzi ndi banja. Chakudya chokhutacho chikhale cha muyeso wa masiku onse: ngati mumadya mitanda iwiri, idyani iwiri. Vuto lofala kwambiri ndi ili, lakuti munthu wapirira tsiku lonse, dzuwa litalowa n'kudya za anthu atatu. Mimba imatupa, tulo timavuta, ndipo ufa umene ukanapita kwa wina wathera pomwepo.

Imwani madzi pafupifupi malita awiri, pang'onopang'ono tsiku lonse. Nyengoyi imakhala ya chinyezi ndi thukuta, ndipo chizungulire chambiri chimene anthu amamva posala chimachokera ku kuchepa kwa madzi. Thobwa lokhuthala liwerengeni ngati chakudya. Amene wamwa makapu anayi a thobwa sanasale.

Ntchito ina ya kusala imachitika pa nthawi imene mukanakhala mukudya. Mphindi 20 kapena 30 zimenezo musazipereke kwa foni. Tsegulani Salimo 51, kapena khalani chete m'tchalitchi ngati lili pafupi. Njala ikaluma, itengeni ngati belu lokukumbutsani munthu amene munalemba pakapepala uja. Dziwaninso kuti njala imafupikitsa mtima. Cha m'ma 3 koloko masana m'pamene mawu okalipa amatuluka mosavuta, ndipo amene amawalandira ndi ana, wantchito wapakhomo kapena kondakitala wa minibasi. Yesaya 58 amadzudzula zomwezi, anthu osala kudya uku akukangana ndi kupondereza antchito awo. Mukaona kuti mwayamba kulusa, khalani chete, imwani madzi, ndipo ngati sizikutheka idyaniko pang'ono. Kuli bwino kutero kusiyana ndi kutukwana mwana.

Amene sayenera kusala kudya

Odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, okalamba ndi ogwira ntchito yolemetsa kwambiri sakakamizidwa. Izi zimafunika kunenedwa momveka chifukwa anthu odzipereka kwambiri ndi amene amadzivulaza.

Wodwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga monga glibenclamide asadumphe chakudya asanalankhule ndi achipatala. Shuga akatsika kwambiri munthu amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, amasokonezeka mutu, ndipo angakomoke. Zizindikirozi zikaoneka, apatsidwe msanga madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera, kenako chakudya. Amene ali pa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a khunyu apitirize kumwa pa nthawi yake tsiku lililonse. Kusiya mankhwala si mbali ya Lenti, ndipo amene angakuuzeni kuti kusiya mankhwala n'chizindikiro cha chikhulupiriro akukusocheretsani. Ino ndi nyengonso ya malungo. Mankhwala a LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta kapena mkaka, choncho wodwala malungo adye. Wa zilonda zam'mimba asasiye mimba yopanda kanthu nthawi yaitali, makamaka ngati akumwa aspirin kapena brufen.

Makolo asakakamize ana aang'ono kugona ndi njala. Mwana wa zaka 8 angaphunzire kudzimana posiya switi kapena chitumbuwa cha pa buleki Lachisanu, n'kuponya ndalamayo m'kachitini ka banja.

Chosiya kwa masiku 40

Kupatula masiku olamulidwawo, mwambo ndi wakuti munthu asankhe yekha chodzimana nyengo yonse. Sankhani chimodzi, zikachuluka ziwiri. Amene amalemba zinthu 10 amakhala atagwa pofika sabata yachiwiri, n'kutaya zonse. Chosankhacho chikhale chowerengeka, chakuti madzulo mungayankhe kuti inde kapena ayi. "Ndichepetsa foni" n'chosagwirika. "Foni ndizithimitsa 8 koloko usiku mpaka nditapemphera m'mawa" n'chogwirika. "Ndisiya miseche" n'kovuta kuyeza, koma "sindinena za munthu amene palibe, pokhapokha ndikumuyamikira" mungadziyese nako pa mjigo, mu saluni kapena pagulu la WhatsApp.

Chikhalenso chinthu chimene chakugwirani ndithu. Mowa, kubetcha pa mpira, kanyenya wa madzulo aliwonse, ngongole zosafunika, mafilimu a usiku. Amene samwa mowa sangati wasala mowa. Koma chenjezo kwa amene amamwa kwambiri tsiku lililonse: kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ngakhale kukomoka. Woteroyo apite kuchipatala kuti amuthandize kusiya bwino.

Kudzimana kwanu kusasanduke mtolo wa ena. Bambo amene walengeza kuti m'nyumba muno simulowa shuga mpaka Pasaka, osafunsa mayi ndi ana, wasalitsa anthu ena. Za m'banja, monga kugona padera kwa kanthawi, zimafuna kugwirizana kwa onse awiri, monga Paulo akunenera pa 1 Akorinto 7:5. Ndipo mukapita kwa eni ake kapena pamaliro n'kupatsidwa chimene munasiya mwa kufuna kwanu, landirani mwaulemu popanda kulalikira, mudzapitiriza mawa. Za kulengeza pa Facebook kuti lero ndi tsiku la 12 la kusala kwanu, Mateyo 6 anayankha kale: sambani kumaso, dzolani mafuta, anthu asadziwe.

Mukagwa, musadikire Lenti ya chaka chamawa. Yambiraninso pa chakudya chotsatira.

Kumene chodzimanacho chikupita

Mbali iyi ndi imene imaiwalika kwambiri, chonsecho ndi imene imaonetsa ngati kusala kunali koona. Njira yosavuta ndi ya ufa. Nthawi iliyonse mukamaphika nsima, tapani ufa wodzaza dzanja limodzi muike m'kathumba kapadera musanathire mumphika. Tsiku losala, ikani ufa wonse wa chakudya chimene mwadumpha. Musausunge mpaka Pasaka. M'nyengo ya mvula ufa umachita nkhungu msanga, makamaka mgaiwa, ndiponso wanjalayo ali ndi njala lero. Kaperekeni Loweruka lililonse, pamodzi ndi kamchere, sopo kapena nyemba ngati zilipo.

Za ndalama, werengani mtengo weniweni wa chimene mwasiya. Ngati ndi mabotolo atatu pa sabata, ndalama ya mabotolo atatuwo ichoke m'thumba tsiku lomwelo limene mukanagula, ilowe m'chitini kapena itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba kwa amene mukumuthandiza. Ikangokhala m'thumba imapeza ntchito ina.

Wothandizidwayo akhale munthu wodziwika: gogo amene akulera adzukulu, wodwala amene wagona nthawi yaitali, mwana amene wabwezedwa kusukulu, wam'ndende amene alibe womuyendera. Atsogoleri a mphakati amadziwa makomo ovutika ndipo angakulozereni. Pitani nokha kapena awiri, madzulo, osajambula zithunzi. Khalani pansi mucheze. Anthu ambiri okalamba amasowa wolankhula naye monga momwe amasowera ufa.

Musanapereke zachifundo, bwezani za eni. Ngati muli ndi ngongole ya waganyu amene anakupalirani m'munda, malipiro a wantchito amene mwachedwetsa, kapena malire a munda amene munasuntha, yambani ndi zimenezo. Chilungamo ndi mbali ya Lenti kuyambira kale, ndipo m'Malawi tili ndi chitsanzo chake: kalata ya maepiskopi a Katolika imene inadzudzula kuponderezana, malipiro ochepa ndi kutsekera anthu popanda mlandu inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti.

Pemphero ndi kusanthula mumtima

Ikani nthawi ndi malo osasintha. Mphindi 15 m'mawa ana asanadzuke zimaposa ola limene mumangoliyembekezera kuti lipezeka. Pa kuwerenga Malembo pali njira yokwanira bwino masiku 40: Marko ali ndi mitu 16, Luka ali ndi 24. Mutu umodzi patsiku, kupuma Lamulungu kuti mumvere mawerengo a ku Misa, mudzafika pa Luka 23, imfa ya Ambuye, Lachisanu Loyera lenilenilo, ndi Luka 24 madzulo a Loweruka Loyera. Werengani pang'onopang'ono, musankhe vesi limodzi loyenda nalo tsikulo. M'nyumba mmene muli osadziwa kuwerenga, mmodzi awerenge mokweza pambuyo pa chakudya chamadzulo.

Usiku musanagone, mphindi 10 zikwanira kusanthula tsiku. Yambani ndi kuthokoza pa zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni za tsikulo. Kenako yendani m'maganizo kuyambira m'mawa: ndinakumana ndi yani, ndinanena chiyani, ndinabisa chiyani, ndani amene ndinamulambalala. Tchulani cholakwa chimodzi ndi dzina lake lenileni. Kunena kuti "ndine wochimwa" n'kosavuta ndipo sikusintha kanthu. Kunena kuti "ndinanamiza kasitomala pa sikelo" kumakuuzani chochita mawa. Pemphani chikhululukiro, musankhe chinthu chimodzi chokonza, mugone. Ena amathandizidwa ndi kakope kolembamo mzere umodzi usiku uliwonse. Pakatha masabata atatu mudzaona kuti zolakwa zambiri zikuchokera pa muzu umodzi kapena iwiri. Kakopeko kasungeni pobisika, ndipo musalembemo mayina a anthu.

Kusanthulaku kukayamba kukusowetsani tulo, kukuchititsani kuona tchimo paliponse, kapena kukufikitsani poganiza kuti moyo wanu ulibe phindu, lekani kulemba ndipo mukalankhule ndi bambo mfumu kapena munthu wokhwima amene mumamukhulupirira.

Kukalapa

Lamulo la Mpingo limati Mkatolika alape machimo aakulu mosachepera kamodzi pachaka, ndi kulandira Ukaristia mosachepera kamodzi pachaka m'nyengo ya Pasaka. Musadikire Sabata Yoyera. Maparishi athu ali ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri ndipo ansembe ndi ochepa. Mzere wa masiku otsiriza umatalika, wansembe amakhala atatopa, ndipo ambiri amabwerera osalapa. Mvetserani zolengeza za tsiku limene bambo mfumu adzafike kwanu, ndipo mupite pofika sabata yachitatu kapena yachinayi.

Mukalowa, nenani nthawi imene munalapa komaliza, ngakhale zitakhala zaka 10. Tchulani machimo aakulu momveka, mtundu wake ndi kangati monga mukukumbukira, popanda nkhani yaitali ndi popanda kuulula machimo a amuna anu kapena apongozi anu. Mverani malangizo, nenani pemphero lomva chisoni, ndipo ntchito imene mwapatsidwa muichite tsiku lomwelo musanaiwale. Ngati munaba kapena kuipitsa mbiri ya munthu, kubweza ndi kukonza ndi mbali ya kulapako. Amene ali ndi vuto la ukwati wosadalitsidwa asathawe; apemphe nthawi yapadera yokambirana ndi wansembe, chifukwa nkhani zotere sizitha pa mzere.

Njira ya Mtanda ndi Sabata Yoyera

Lachisanu lililonse maparishi ndi miphakati imachita Njira ya Mtanda, malo 14 kuyambira pamene Yesu aweruzidwa mpaka pamene aikidwa m'manda. Ngati ntchito sikulolani kupita, chitani kunyumba ndi kamtanda patebulo, mphindi imodzi kapena ziwiri pa malo aliwonse. Okwera phiri, monga amachitira ambiri pa Michiru ku Blantyre, anyamule madzi, avale nsapato zogwira pansi chifukwa njira imaterera ndi mvula, ndipo asakwere chopanda kanthu m'mimba.

M'tchalitchi mudzaona kuti wansembe wavala zofiirira, Aleluya sakuimbidwa, ndipo nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu yasiyidwa. Akwaya ndi oimba ng'oma achepetse phokoso. Chisangalalo chikusungidwira usiku wa Pasaka. Lamulungu lachitatu, lachinayi ndi lachisanu akatekumeni amapemphereredwa mwapadera pokonzekera ubatizo, ndipo ngati ndinu nkhoswe ya mmodzi wa iwo muyenera kupezekapo.

Sabata Yoyera imayamba Lamulungu la Kanjedza. Ntchito zolemetsa za pakhomo ndi kugula zofunika pa Pasaka zithe pofika Lachitatu. Lachinayi Loyera madzulo kuli Misa ya Mgonero wa Ambuye ndi kusambitsa mapazi, kenako kupembedza mwakachetechete. Gawanani maola m'banja kapena mumphakati kuti pasakhale nthawi yopanda munthu. Lachisanu Loyera kulibe Misa. Mwambo wa masautso umachitika cha m'ma 3 koloko masana, ndi kuwerenga Yohane 18 ndi 19 ndi kulemekeza mtanda. Popeza anthu ambiri amayenda Njira ya Mtanda yaitali padzuwa m'mawa wake, imwani phala musananyamuke, tengani botolo la madzi ndi ambulera, ndipo chakudya chokhuta chikhale cha madzulo. Okalamba ndi ana ayende mbali ina ya njira, akadikire kutchalitchi.

Amene angathe amalimbikitsidwa kupitiriza kudya mochepa Loweruka Loyera mpaka mwambo wa usiku. Mwambowo umayamba kutada, ndi moto panja, ndipo umatenga maola atatu kapena kuposa chifukwa cha mawerengo ndi maubatizo. Ana agone masana. Tengani kandulo yokhala ndi kapepala kotchinga phula kuti lisadonthere m'manja, tochi ya pobwerera, ndi chofunda cha mwana. Idyaniko pang'ono chakumadzulo, kukumbukira kusiya ola limodzi musanalandire Ukaristia. Pobwerera kunyumba yambani ndi tiyi kapena phala. Nyama ndi mpunga zidikire masana a Pasaka, ndipo pophika muwerengere mbale ya banja lija mwakhala mukuliyendera Loweruka lililonse.